Tifunseni: Kodi n'koyenera kuti kholo liyamikire mwana amene adakula kale?

Makalata ambiri amene makolo amatilembera amakhala odandaula za ana osamva. Mwezi uno tasankha atatu a mtundu wina, onse ochokera mumzinda wa Lilongwe, ndipo eni ake akufunsa choti achite ndi mwana amene wakula n'kukhala munthu wabwino. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba sitiwatchula.

FUNSO

Zikomo alangizi. Ndine bambo wa zaka 67, ndidapuma pantchito yauphunzitsi ndipo ndimakhala ku Area 25. Ndili ndi ana asanu, onse akuluakulu. Nkhani yanga ikukhudza mwana wanga wachiwiri, wamkazi, amene ali pabanja ndipo ali ndi ana ake. Chaka chatha mayi ake adadwala kwambiri mpaka kugonekedwa kuchipatala cha Kamuzu Central, ndipo iyeyu ndi amene adasiya geni yake ya kaunjika n'kukakhala gadiyani, kugona pansi, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwachapira mpaka adatuluka. Sindidamumvepo akudandaula, ndipo abale ake atayamba kulozana zala pa nkhani ya ndalama za mankhwala, ndi iye amene adawakhazika pansi n'kuwayanjanitsa. Khalidwe limeneli si lachilendo kwa iye, chifukwa kuyambira kale sanama, sasunga mangawa, ndipo akatenga ngongole amabweza asanakumbutsidwe.

Vuto langa ndi lakuti sindidamuuzepo zimenezi. Ndikakhala ndi anzanga kutchalitchi ndimamutchula monyadira, koma akabwera kunyumba pakamwa pamandilemera, moti timangokamba za mtengo wa feteleza ndi sukulu ya adzukulu. Ine bambo anga sadandiyamikirepo, ndipo ndidakula ndikumva kuti mwana ukamuyamikira pamaso amayamba matama. Ndikuopanso kuti abale ake angaone ngati ndikukondera. Ndaganiza zongomulembera nyumba imene tikukhalayi kuti ndikadzatsikira kuli chete adzadziwe kuti ndinkamuwerengera. Kodi maganizo amenewa ali bwino?

Bambo wa ana asanu, Area 25

YANKHO

Bambo, muuzeni mwana wanuyo, ndipo mumuuze ndi pakamwa panu mudakali moyo. Za nyumba ndi nkhani ina, ndiifika kumapeto.

Ndiyambe ndi malemu bambo anu, chifukwa ndikuona kuti ndi iwo amene akukugwirani pakamwa. N'zoona kuti makolo akale sankakonda kuyamikira mwana pamaso, koma si zoona kuti sankamuyamikira konse. Anali ndi njira zawo zimene mudzi wonse unkazimva popanda wina kumasulira. Mnyamata akaonetsa nzeru, akuluakulu ankayamba kumuitana pabwalo pokamba milandu, ankamutuma unkhoswe wa mlongo wake, kapena ankamupatsa mbuzi yoti awete. Mtsikana akakhwima maganizo ankasiya kumuitana ndi dzina laubwana n'kuyamba kumutchula mfunda, kuti NaPhiri kapena NaBanda, ndipo pamaliro ndi pachinamwali ankamupatsa udindo umene munthu wopepuka sapatsidwa. Komanso kwa ife Achewa, kumene mwamuna ankakhala chikamwini, mawu aakulu pa ana anali a atsibweni awo, eni mbumba, kotero bambo wobereka ankatha kukhala chete podziwa kuti alipo wina amene anene. Mukakumbukira bwino, mwina mupeza kuti nanunso bambo anu adakuyamikiranipo mwa njira zoterezi.

Tsono inu mukukhala mumzinda umene udakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 udapezeka ndi anthu pafupifupi 990,000. Muno mulibe bwalo la mudzi pamene mwana wanu angaonere kuti akulu amukweza, atsibweni ake mwina ali ku Mitundu kapena ku Kasiya ndipo amaonana nawo pazovuta pokha, ndipo aliyense amalawirira m'mamawa kukakwera minibasi n'kubwerako dzuwa litalowa. Inu mwasunga kukhala chete kwa makolo, koma zinthu zimene zinkalankhula m'malo mwawo zidatsala kumudzi. Zotsatira zake n'zakuti anzanu akutchalitchi akudziwa mmene mumamuonera mwana wanu, pamene mwini wake sakudziwa.

Mantha oti ayamba matama ndi omveka pa mwana wa zaka 10 amene akuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti ndi wanzeru kuposa anzake onse. Sindikuona malo ake pa mayi wa ana amene adagona pasimenti m'chipatala n'kumachapa zovala za wodwala, chifukwa munthu wamatama sathamangira ntchito imene palibe amene akuiona. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi chosiyana ndi chimene mukuopa: mwana wodalirika amatopa mwakachetechete. Banja likazolowera kuti uje ndiye amathamanga, aliyense amamusiyira katundu, ndipo poti sadandaula, anthu amayesa kuti sizimulemera. Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma sadanene kuti nkhonyazo sizipweteka. Ana otere akamadzagwa ulesi pambuyo pa zaka zambiri, nthawi zambiri si chifukwa cha kukula kwa ntchito, koma chifukwa choganiza kuti palibe amene adaiona.

Musadikire tsiku lapadera. Dziko lathu lidapatula 15 Okutobala kukhala Tsiku la Anakubala, pamene ana amagulira amayi awo zitenje ndi kuwathokoza, koma pakalendala palibe tsiku loti makolo athokoze ana, ndipo tonse takhalapo pamaliro pamene mbiri ya malemu ikuwerengedwa n'kumamva zabwino zimene mwini wake sadauzidwepo. Pitani kwake inuyo, kapena mumuitane tsiku limene panyumba palibe gulu, mukhale awiri. Musayambe ndi mawu aakulu onga akuti ndinu mwana wabwino, chifukwa mawu otere munthu amangowalandira ngati moni. Tchulani zimene mudaona ndi maso anu. Mungathe kunena kuti: "Mayi, zimene mudachita kuchipatala kuja ndidaziona. Ndidaona kuti geni yanu idaima, ndidaona mmene mudawagwirira mayi anu, ndiponso mmene mudaziziritsira mitima ya abale anu atayamba kukangana. Nthawi ija sindidanene kanthu, koma mtima wanga udathokoza, ndipo ndimanyadira kuti ndinu mwana wanga." Kutchula zinthu zenizeni n'kumene kudzamutsimikizire kuti simukungonena mwamwambo.

Mukatero, lekerani pomwepo. Makolo ambiri amaononga chiyamikiro pochimangirira ku pempho kapena ku malangizo, moti mwana amafika pozolowera kuti bambo akayamba kuyamikira ndiye kuti patsogolo pali nkhani ya ndalama za magetsi. Musawonjezenso kuti adatengera inu, ngakhale zitakhala zoona, chifukwa pamenepo ulemu mwaubweza kwa inu mwini. Tsiku limenelo mawu onse akhale ake.

Dziwaninso kuti angadabwe, angaseke, angalire, kapena angachite mantha. Kwathu kuno munthu wachikulire akayamba mwadzidzidzi kulankhula mawu okoma otere, ana amaganiza kuti akutsanzika, makamaka pakhomo pamene matenda angodutsa kumene. Muuzeniretu kuti muli bwino ndithu, kungoti nkhaniyi mwakhala nayo nthawi yaitali. Ngati pakamwa pakana ndithu, inu ndinu mphunzitsi, cholembera simuchiopa: lembani kalata ndi dzanja lanu, mumupatse nokha, osatuma mayi ake. Ndipo musaiwale mkamwini wanu. Nthawi yonse imene mwana wanu anali kuchipatala, alipo amene adatsala ndi ana n'kupirira kuchepa kwa ndalama pakhomo, ndipo mwambo wathu umafuna kuti munthu wotere athokozedwe.

Za abale ake, chimene chimabala nsanje pakati pa ana si kuyamikira ayi, koma kuyerekeza. Mukanena kuti "mudachita bwino" palibe amene wavulala, koma mukanena kuti "mukanakhala ngati mlongo wanuyu" mwavulaza anayi ndipo wachisanuyo mwamuika pa udani umene sadaupemphe. Ana anayi otsalawo nawonso ali ndi zawo zabwino, mwina wina ndi wolimbikira ntchito, wina amalera bwino ana ake, wina ndi amene amaseketsa anthu pakhomo pakagwa chisoni, ndipo aliyense mumupezere nthawi yake, mumuuze zoona zokhazokha. Musachite kupeka kuti zifanane, chifukwa ana akuluakulu amazindikira msanga mawu ongowasangalatsa.

Tifike ku nyumba. Mukukumbukira kuti Yakobo adasokera Yosefe malaya apadera, ndipo abale ake atawaona adamuda mpaka kumugulitsa. Nyumba ya ku Area 25 ingasanduke malaya amenewo, ndipo choipa kwambiri n'chakuti inu simudzakhalapo kuti mufotokoze. Mwana amene lero akuyanjanitsa abale ake ndi amene adzakhale pakati pa mkangano, akunenedwa kuti adadwazika mayi ake pofuna chuma. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limakulolani kulemba wilo, malinga ikhale yolembedwa ndi yosainidwa ndi inu pamaso pa mboni ziwiri zimene nazonso zisaine, ndipo lamulo lomweli lidaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu. Koma limapatsanso khoti mphamvu yomva dandaulo la munthu wa m'banja amene wiloyo yamusiya wopanda chomuthandiza, ndipo woyamba kumuganizira pamenepa ndi mayi akunyumba, amene akukhala m'nyumba yomweyo. Wilo lembani ndithu, mutakambirana ndi mayi ndi kufunsa loya kapena a Legal Aid Bureau, koma muilembe pofuna kusiya mtendere, osati kuti idzanene zimene inu mudalephera kunena. Ngati mukufuna kuonetsa kuthokoza ndi chinthu chogwirika, chilipo chapafupi: geni ya kaunjika ikaima, mpamba umadyeka. Itanani ana anu onse, muwauze kuti mlongo wawo adataya mpamba posamalira mayi wa onse, ndipo banja lisonkhe kuti limubwezere, inuyo mukhale woyamba kuponya.

FUNSO

Alangizi, ine ndine mayi wa ku Chinsapo ndipo ndili ndi ana aamuna awiri. Wamkulu ali ku Johannesburg ndipo amatitumizira ndalama pafupifupi mwezi uliwonse. Wamng'ono adalephera mayeso a MSCE, adabwereza koma sizidathekenso, ndiye adaphunzira ukalipentala ndipo amakhala kufupi nafe. Iyeyu ndi amene amakonza denga likadontha, amaperekeza bambo ake kuchipatala pa njinga ya kabaza, ndipo adatenga mwana wamasiye wa mchemwali wanga n'kumamulera ngati wake. Makasitomala ake amandiuza okha kuti sawanamiza, akanena tsiku amasunga, ndipo sapangira munthu mpando ndi matabwa aawisi. Koma bambo akunyumba sasiya kunena kuti ameneyu adangotitayitsa fizi, ndipo abale akasonkhana aliyense amatamanda wa ku Johannesburg yekha. Ine mumtima mwanga ndimaona kuti wamng'onoyu ndiye mzati wa pakhomo pano. Kodi ndikulakwa? Nanga bambo ake ndingawathandize bwanji kuti aone zimene ine ndikuona?

Mayi wodandaula, Chinsapo

YANKHO

Mayi, simukulakwa kuona zabwino za mwana wanu wamng'ono, ndipo zimene mwatchulazo si zazing'ono. Mmisiri amene amasunga tsiku ndi wosowa mumzinda muno, ndipo mnyamata amene amatenga mwana wamasiye popanda womukakamiza waonetsa kale mtima umene sukulu siphunzitsa. Pamene ndikukuchenjezani ndi pa mawu akuti mzati, chifukwa mukayamba kuyeza kuti wofunika kwambiri ndani, mudzakhala mukuchita zomwe bambo akuchitazo, kungoti inu mwaima mbali ina.

Ndalama za mwana wanu wamkulu nazonso ndi chikondi. Lamulo lokakamiza olemba anthu ntchito kuti azisungira antchito awo penshoni lidabwera mu 2011, ndipo anthu ambiri a msinkhu wanu, makamaka amene adakhalira geni, ulimi ndi maganyu, adafika paukalamba opanda penshoni iliyonse, moti chimene amadalira ndi ana. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu idakwera ndipo mabanja ambiri adapulumukira kwa ana otumiza ndalama. Moyo wakunja si wophweka monga umaonekera pa zithunzi, ndipo mwana amene amakumbukira kwawo mwezi ndi mwezi ali ndi kukhulupirika kwake kumene kukuyenera kutchulidwa.

Chifukwa chimene abale amatamandira iye yekha n'chosavuta kuchimvetsa. Ndalama zimawerengeka, zimafika ndi uthenga pafoni, ndipo munthu amatha kuuza anzake kuti mwezi uno kwabwera zakutizakuti. Nthawi imene mwana wamng'ono amataya pamzere kuchipatala, kapena tsiku limene wasiya oda ya kasitomala kuti akwere padenga lanu, sizilembedwa paliponse. Munthu amene timamuona tsiku ndi tsiku timamuzolowera, pamene wakutali amabwera pa Khirisimasi atanyamula zikwama ndipo pakhomo pamaphedwa nkhuku.

Za bambo, ndikuganiza kuti mawu awo akuchokera pa bala, osati pa chidani. Adavutika kupeza fizi ali ndi chiyembekezo chakuti mwana adzagwira ntchito ya muofesi, ndipo zitakanika adamva manyazi pamaso pa anzawo, monga mwambi unenera kuti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Koma mayeso a MSCE chaka ndi chaka amagwetsa ana ambirimbiri, zaka zina pafupifupi theka la olemba, ndipo si nzeru kunena kuti onsewo ndi anthu otayika. Mayeso amayeza zimene mwana wakumbukira m'masabata ochepa. Sayeza ngati adzakhale woona mtima, wachifundo kapena wosunga pangano. Ndiponso fizi imene bambo akuti idatayika ndi yomwe ikumuthandiza mnyamatayu kuyeza matabwa, kuwerengera mtengo wa katundu ndi kulemba maoda.

Musawatsutse bambo pamaso pa ana kapena pagulu la abale, chifukwa mwamuna akachititsidwa manyazi pagulu amaumirira pomwepo ngakhale mumtima akudziwa kuti walakwa. Lankhulani nawo muli awiri, ndipo m'malo mowauza kuti akulakwa, afunseni mafunso amene mayankho ake akuwadziwa kale: adakuperekezani kuchipatala mwezi watha ndani, denga lija tikanalipira zingati kwa mmisiri wina, mwana wamasiye uja akanakhala kuti lero. Auzeninso mosabisa kuti mawu a fizi aja amamupweteka mwanayo ndipo amakupwetekani inunso, ndipo muwapemphe chinthu chimodzi chokha poyamba, kuti awasiye. Kusiya kunyoza n'kosavuta kuposa kuyamba kuyamikira, ndipo bambo ambiri akasiya choyambacho, chachiwiri chimabwera chokha mwa njira yawo, mwina pomufunsa mwana nzeru pa nkhani ya pakhomo kapena pomutchula kuti amisiri pamaso pa alendo. Ngati alipo munthu amene bambo amamumvera, kaya ndi ankhoswe anu kapena mkulu wa mpingo, mungamupemphe kuti aponyepo mawu, koma osachita kuitanitsa bwalo.

Inuyo musadikire kuti bambo asinthe. Muuzeni mwana wanu zimene makasitomala ake amakuuzani, chifukwa mwina iye sadazimvepo, ndipo mumuuze kuti kulera kwake mwana wamasiye kudachotsa manyazi pa mbumba yonse. Pochita zimenezi musawanyoze bambo ake kapena kuchepetsa mkulu wake, kuopa kuti chiyamikiro chanu chingasanduke chomugawanitsa ndi abale ake. Lemekezaninso ntchito yake monga ntchito: akakupangirani chitseko, nthawi zina mulipireni ngakhale akane, kapena mugule nokha matabwa ndi misomali, kuti asamaone ngati luso lake ndi laulere chifukwa choti sadapite patali ndi sukulu. Ngati iye mwini atafuna satifiketi ya luso lake, bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, ndi limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndipo angakafunse kumeneko, koma nkhani imeneyi musaiyambitse tsiku lomwe mukumuyamikira, chifukwa adzamva ngati mukunena kuti akadaperewerabe.

Wa ku Johannesburg uja muzimuimbiranso foni masiku ena popanda kutchula ndalama, mumufunse za umoyo wake ndi kumuuza chimene mumakonda mwa iye kupatula zimene amatumiza. Ana ambiri otumiza ndalama amakhala ndi funso mumtima ngati kwawo angawalandire chimodzimodzi tsiku limene ntchito idzathe.

FUNSO

Mwana wanga wamkazi wamaliza kumanga nyumba yake ku Area 49 ndipo posachedwapa adakwezedwa pantchito. Chifukwa cha chimwemwe ndidaika zithunzi za nyumbayo pa Facebook ndi pa gulu la WhatsApp la amayi akumpingo, n'kulemba mawu omuyamikira. Iye adandiimbira foni n'kundipempha kuti ndichotse zonse. Ndidachotsa, koma mtima ukundipweteka. Kodi kunyadira mwana wako ndi mlandu?

Mayi wa ku Area 18

YANKHO

Si mlandu, mayi, ndipo chimwemwe chanu n'chomveka, koma pa nkhani iyi mwana wanu ndi amene akulondola. Nyumbayo ndi yake, kukwezedwako n'kwake, ndipo munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha amene adziwe za chuma chake ndi nthawi yoti adziwe. Inu mudaona chithunzi chokongola. Iye adaona mafoni amene ayambe kulira kuchokera kwa achibale ofuna fizi ndi ngongole, anzake akuntchito amene ayambe kufunsana kuti ndalama adazitenga kuti, ndi akuba amene tsopano akudziwa maonekedwe a geti lake. Ena amaopanso nsanje ndi kulodzedwa, ndipo kaya inu mumakhulupirira zimenezo kapena ayi, amene agone m'nyumbamo ndi iyeyo. Chithunzi chikalowa pa gulu la WhatsApp chimatumizidwa kwina ndi kwina, moti ngakhale mwachotsa, simungadziwe mafoni amene chatsalamo.

Pali chinanso chimene ndikupempha kuti muchilingalire modekha. Kholo likamaonetsa anthu nyumba ndi udindo wa mwana, mbali ina limakhala likuuza anzake kuti onani mmene ndidalerera, ndipo ana amazindikira zimenezi ngakhale sanena. Uthenga uja udapita kwa amayi akumpingo, pamene woyenera kuumva anali mmodzi. Komanso chimene chidatamandidwa ndi nyumba, osati munthu amene adaimanga. Kumanga nyumba mu Lilongwe masiku ano, ndi mmene simenti ndi malata zikukwerera, kumafuna munthu wodziletsa kwa zaka zambiri, wotha kukana zovala zatsopano ndi maphwando, wopirira amisiri ndi mapepala a malo. Makhalidwe amenewo ndi amene inu monga mayi mukuwadziwa kuposa wina aliyense, chifukwa mudamuona akuyamba.

Pitani mukamuone m'nyumba yake yatsopanoyo, mumupepese mwachidule kuti mudaika zithunzi musanamufunse, osawonjezapo kuti "koma ndimafuna zabwino", popeza zimenezo akuzidziwa kale. Kenako muuzeni zimene mudaona mwa iye zaka zonse zimene ankasunga ndalama ndi kumanga pang'onopang'ono. Mtsogolomu, mukafuna kuika chithunzi chake kapena cha adzukulu pa intaneti, yambani mwamutumizira iye n'kumufunsa ngati akulola, ndipo akakana musafunse chifukwa.